Njinga ya a Yoswa Yopanda Chishalo

Pa Madisi mukafunsa kuti a Yoswa ndi ati, palibe amene angavutike kukulozerani. Angokuuzani kuti dikirani, muwamva. Ndipo mumawamvadi asanaoneke: pha pha pha pha, ngati wina akukazinga mbuliwuli m'chitini, kenako fungo la oyilo wopserera, kenako iwowo atulukira kuseri kwa chigayo ali chiimire pa njinga yamoto, khosi lili njo, akuyang'ana anthu ngati nkhuku zimene zalowa m'dimba mwawo. Munthu wake ndi wamfupi, wowonda, miyendo ngati mipini ya makasu. Koma akaima pa zopondera zija amadziona ngati mlongoti wa netiweki.

Chifukwa choimirira n'chosavuta. Njinga yawoyo ilibe chishalo. Osati chinabedwa, ayi, inapangidwa choncho. Pamene anzathu amakhalapo pali kachigwa chabe, koti ngakhale mphaka sangagonepo. Ndi njinga yamasewera, yokwerera miyala ndi kujowa zitsa, ndipo lamulo la masewera ake n'limodzi basi: phazi lisagunde pansi. Ukaponda dothi waluza. Lamulo limeneli a Yoswa analigwira kuposa onse amene anawaphunzitsa ku tchalitchi.

Njingayi anaipeza ku esiteti ina ya fodya cha ku Mvera, kumene ankakonza mathirakitala ndi injini zopopera madzi. Mwana wa bwana wa pamenepo anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kumakhalira kukwera nayo matanthwe kuseri kwa zigafa anthu akusoka fodya. Matenanti ankaseka kuti mwana wa olemera wasowa chochita. A Yoswa sankaseka nawo. Ankaima sipanala ili m'manja, kukamwa kuli yasa, ntchito itaima. Injini itagwira n'kufa, mnyamatayo anaitaya m'shedi mpaka nkhuku zinayamba kuikirapo, ndipo tsiku lochoka anangoti aitenge amene akuifuna. A Yoswa anaikweza pa lole ya fodya, n'kubwera nayo kumudzi kwawo pafupi ndi Madisi atainyamula ngati mkwatibwi.

Kukonza kokha amatha, zimenezo tisawanamizire. Anaimasula yonse mpaka kanati kotsiriza. Malingi a pisitoni anatenga a jenereta yakufa n'kuwapala ndi fayilo mpaka analowa. Waya wa kilatchi ndi wa mabuleki a njinga yakapalasa. Petulo saika chiikeike, amayamba asakaniza ndi oyilo m'botolo, kuligwedeza ngati mankhwala a mwana, kuliyang'ana kudzuwa diso limodzi atatsinzina. Matayala amawasiya ofewa ngati papaya lakupsa, akuti kuti azikumbatira mwala. Wopopa matayala aliyense pa Madisi anayesapo kuwachitira chifundo, kuti bwana, tayala laphwa, ndipo aliyense anabwerako atauzidwa kuti mutu wake ndi umene waphwa.

Koma anthu amene a Yoswa ankawanyoza kwambiri ndi anyamata a kabaza, aja amanyamula anthu pa njinga zamoto pa siteji. Ankawatchula matumba a chimanga. Akuti munthu wokhala pansi sayendetsa njinga, imangomunyamula. Pa anyamatawo panali Frank, wapakamwa ngati wailesi, amene sankawalola kudutsa mwamtendere.

"Madala, mwaima chaka chonse. Bwerani mupumeko, tikubwerekeni mpando."

"Iwe Frank, thumba la chimanga likayamba kuyankhula ndiye kuti lalowa anankafumbwe."

"Chabwino madala. Koma thumbali madzulo limagula sopo. Chiwala chanucho chimagula chiyani?"

Pamenepo a Yoswa ankangodzutsa tayala lakutsogolo, kuzungulira chitsa, n'kumapita. Kwa iwo limenelo linali yankho lokwanira.

Ndiye panali a Faines, akazi awo, amene anawatenga chitengwa kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Mayi wofatsa, woyankhula motsitsa, woti mukawaona mungafunse kuti analakwira ndani. Njinga inkagona m'nyumba, matumba a chimanga enieni ali pakhonde. Lichero lawo linasanduka mosungira manati ndi mabawuti. Mphika wa nyemba a Yoswa anawiritsiramo tcheni mu girizi, mpaka nyemba zinkamveka galaja mwezi wathunthu. Chitenje chimene anasungira Khirisimasi anachipeza chitafunditsidwa njinga kuti isalowe fumbi. Ndipo poti filita ya mpweya imafuna siponji, matilesi anayamba kufupika, mbali ya a Faines yokhayokha.

"Bambo a Luckness, matilesiwa akudya ndi makoswe?"

"Makoswe? Tayang'anitsitsani. Khoswe angadule mowongoka chonchi?"

Eti anakhumudwa kuti luso lawo alipereka kwa khoswe.

Zonsezo a Faines anapirira. Chimene chinawakwana ndi tsiku limene kamwana kawo, Luckness, kanadzuka thupi lili moto, kakusanza, maso atalowa. Malungo. A Faines anakabereka msangamsanga n'kuti tiyeni mutithamangitsire kuchipatala. A Yoswa anayang'ana njinga, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso njinga.

"Nanga mukhala pati?"

A Faines anapita kwa aneba kukabwereka foni, n'kuitana Frank. Frank anafika fumbi lili koboo, mayi ndi mwana anakwera, ulendo. A Yoswa nawo analiza yawo n'kudzera njira yachidule, kujowa migula ndi ngalande, ndipo anafikadi poyamba. A Faines potsika pa geti ya chipatala, mwana ali lobodo kumsana, mawu oyamba amene anamva kwa amuna awo anali akuti, "Mwaona? Ndakusiyani kutali." Luckness anachira. Koma tsiku lotuluka, a Faines sanakhote njira ya kunyumba. Anakwera galimoto ya ku Ntchisi, kwawo.

Poyamba a Yoswa ankauza aliyense kuti abwera okha, njala ya kumapiri iwathamangitsa. Sanabwere. Nyumba inayamba kuwaluma. Ankamanga bawuti n'kucheuka kuti anene mmene aimangira, n'kupeza akuuza khoma. Panalibenso woti awagwirire chiwongolero akamachotsa tayala, panalibe kamwana kowomba m'manja njinga ikalira. Madzulo ankakhala pakhonde kuyang'ana njira ya kummawa, ndipo wina akafunsa ankati akuona ngati kubwere mvula, m'mwezi wa Ogasiti. Bambo ameneyu, ndi matama ake onsewo, ankawafuna ndithu akazi ake. Kungoti kunena sakanatha.

Mwayi unabwera ndi a Elia, achimwene a a Faines, amenenso anali nkhoswe ya banjalo. Anakhala pakhonde poti m'nyumba munali njinga.

"Alamu, mlongo wanga sakukana banja. Akukana kupikisana ndi chitsulo. Loweruka likubwerali malume athu, amene anamulera, akhala pansi kuti amve mbali zonse. Mubwere ndi njinga yoti munthu angakhalepo, mupepese, mumutenge nokha. Mukalephera musudzulana, basi."

"Komatu alamu, chishalo chimawononga balansi."

"Ndiye mukagone ndi balansiyo."

Mawa lake anthu anadabwa kuona a Yoswa kwa owotcherera zitsulo atanyamula thabwa. Anapanga chishalo chochita kumanga ndi mabawuti: zitsulo pansi, thabwa pamwamba, siponji, chikopa cha mbuzi. Chinali chonyansa ngati benchi ya pa chigayo, ndipo iwo eni ankachigwira ndi zala ziwiri ngati chinthu chakufa. Poyesa anamangapo thumba la chimanga m'malo mwa a Faines. Atangomasula kilatchi, tayala lakutsogolo linaloza kumwamba, thumba phi, iwo pamwamba pa thumba. Njinga ija ndi yopepuka kutsogolo, sinapangidwire katundu. Frank, amene anachita kusiya kasitomala kuti adzaonerere, anathamangira thumba lija n'kuyamba kulipukuta.

"Pepani mayi, mwavulala pati? Tiitane kabaza?"

A Yoswa sanafooke. Anamanga njerwa kutsogolo ndi malegeni, ndipo njinga inayamba kuyenda ndi thumba, mopenduka koma kuyenda. Vuto linatsala la manyazi. Kudutsa pa Madisi ndi chishalo, anyamata a kabaza akuona? Ayi. Anaganiza zochimasula, kuchibereka kumsana, akachimangire komweko. Njerwa ku Ntchisi zilikonso. Ndipo poti popita adzakhala okha, opepuka, analumbira mumtima kuti kuchoka pakhomo pawo mpaka pakhonde pa apongozi, phazi silidzagunda pansi. A Faines aone kuti anasiya mwamuna wotani. M'mutu mwawo chimenecho ndiye chinali chipepeso.

Loweruka m'mawa anavala jekete, chishalo kumsana ngati mwana, n'kuliza njinga. Podutsa pa siteji anaona Frank akuthamangira kumsewu manja ali m'mwamba.

"Madala, taimani. A Elia aimba foni, pali uthenga wanu."

A Elia anaimbira Frank poti foni ya a Yoswa inali itagwera kale m'beseni la oyilo. Ndipo uthengawo unali wakuti malume aja, omwe amayenera kuweruza nkhaniyo, amwalira dzulo lake, maliro ndi lero, abwere ngati wodzakhuza, za banja zidikire. Koma kuima kumafuna phazi. A Yoswa anamuzungulira Frank ngati chitsa.

"Uthenga wa thumba ukauze chigayo."

Frank anangoimika mapewa n'kubwerera pa njinga yake.

Ulendo wake, inu, unali wokoma kuona, ngakhale ukudana nawo munthuyo. Msewu anausiya msanga. Anatsika m'dambo, anawoloka kamtsinje podumpha mwala ndi mwala, madzi osakhudza ngakhale nsapato. Atafika m'mapiri, pamene mbuzi imayamba yaganiza, iwo ankangopinda mawondo, chala chimodzi pa kilatchi, china pa buleki, kukoka chiwongolero, njinga n'kukwera thanthwe ngati buluzi. Pamwamba ankaima kaye, osayenda, osaponda, akugwedeza chiwongolero pang'onopang'ono uku akusankha mwala wotsatira, kenako jowu. Amayi ochokera ku nkhuni anatula mitolo kuti aone bwino. Mmodzi anafunsa mnzake kuti kodi chimene abereka kumsanacho ndi mwana kapena mbuzi. A Yoswa anamva, koma anazitenga ngati matamando.

Dzuwa lili pamutu anatulukira pa njira yolowa m'mudzi wa apongozi awo. Ndipo panjirapo panali nthambi zaziwisi, zoyalidwa mopingasa.

Zimenezo ngakhale mwana wa ku mkaka amazidziwa. Nthambi panjira ndiye kuti pali maliro. Wachipewa amavula, wa njinga amatsika n'kukankha, wa njinga yamoto amazimitsa injini n'kukankhanso, mpaka atadutsa nthambi za mbali inayo. A Yoswa anaziona. Nyimbo ya amayi anaimvanso. Phazi lamanzere linayamba kutsika lokha. Koma analibweza. Mapiri onse aja, miyala yonse ija, n'kudzaponda pano nyumba ya apongozi ikuonekera apo? Ndiye anayamba kudziweruzira mlandu okha. Anthu amatsika chifukwa chiyani? Chifukwa sangathe kuyenda pang'onopang'ono ali pa njinga. Ulemu wake ndi kuyenda pang'onopang'ono. Nanga ndani m'boma la Dowa lonse angayende pang'onopang'ono kuposa iwo?

Anadutsa nthambi zija liwiro la nanzikambe, nkhope ataigwetsa mwachisoni, ali chiimire. Zoti injini ikulira pha pha pha, utsi wabuluu ukufuka pamitu ya anthu, sanaziwerengere.

Atakhota pa nkhokwe anapeza kuti khamu lonse lili pabwalo la apongozi awo. Abambo anali pansi pa mtengo wa mango, amayi atazungulira nyumba ya siwa, mlaliki ataima pakati akunena mbiri ya malemu. Mitu yonse inatembenuka. Mlaliki anakweza mawu, injini inamuposa, anakwezanso, kenako anangotseka pakamwa. Njira yopita pakhonde inali itatsekedwa ndi chipika chachitali chimene panakhala madala a m'mudzimo, ndodo zili pakati pa miyendo. A Yoswa anaima kutsogolo kwawo, osaponda, akugwedeza chiwongolero uku ndi uku, chishalo chili kumsana, akuyang'ana akuluakulu pa dazi.

A Elia anadzuka n'kuyandikira, akuyankhula ndi mano okhaokha.

"Alamu, zimitsani. Tsikani."

"Ndatsala pang'ono alamu. Pakhonde pokha apo."

"Malume atisiya. Agona m'nyumba umo."

"Aa, pepani kwambiri. Zachisoni ndithu." Anagwedeza mutu, koma mapazi ali pomwepo. "Ndingofika apo, ndidzakhuze bwinobwino."

"Alamu, ndikukupemphani."

Koma maso a a Yoswa anali ataona kale kuti kumapeto kwa chipika kuli malo opanda munthu. Anapinda mawondo. Injini inakuwa. Tayala lakutsogolo linadutsa bwinobwino, lakumbuyo linamenya chipika n'kuchikankhira mmbuyo, ndipo chipikacho, poti chinangoikidwa pa dothi lotsetsereka, chinagubuduka. Madala onse anagwa chagada, miyendo m'mwamba, ndodo uko, zipewa zimene anafumbata uko. Mmodzi anagwera m'chidebe cha thobwa. A Yoswa anatera mbali inayo, anayenda kamtunda kotsalako, n'kuika phazi pakhonde pa apongozi mwaulemu ngati akuponda mazira. Anazimitsa injini, anacheuka. Ndipo, musakhulupirire ngati simukufuna, ankamwetulira.

Kenako adzukulu, anyamata okumba manda aja, amene anali atangofika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, anabwera osathamanga. Awiri anawanyamula m'khwapa n'kuwakhazika pansi padothi. Wina anatenga sipanala m'thumba la jekete lawo lomwe, n'kumasula pulagi ya njinga, kuika m'thumba mwake. Panalibe amene anawamenya. Anthu anali otanganidwa kudzutsa madala.

A Faines anatuluka m'nyumba ya siwa, duku lili m'mutu, maso atatupa. Anaima patali pang'ono. A Yoswa anatembenuka msanga kuwaonetsa kumsana.

"Mayi a Luckness, chishalo chija ndi ichi. Ndapanga ndekha. Chikungofuna mabawuti ndi njerwa."

"Mukudziwa amene agona umo?"

"Ndamva. Pepani."

"Anandilera ndi amenewo. Ali chigonere anandiuza kuti ndisafulumire, ndiyambe ndaona mmene mufikire." Anayang'ana madala amene ankasasidwa fumbi. "Ndaona."

Pamenepo munthu wanzeru akanagwada, akanalira, akanachita chilichonse. A Yoswa anafufuza mumtima mwawo chinthu chabwino koposa chimene akanapereka, ndipo anachipeza.

"Komatu mayi a Luckness, kuchokera ku Madisi sindinaponde pansi ngakhale kamodzi."

A Faines anawayang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma mmene umayang'anira ndiwo zimene zasasa.

"Muyende bwino, a Yoswa."

Chibadwire Luckness, anali asanawatchulepo dzina. Analowanso m'nyumba, nyimbo inayambiranso.

Kumanda a Yoswa anapita nawo, kumbuyo kwenikweni, palibe amene anayenda pambali pawo. Pobwera, akuluakulu sanatenge nthawi. Za madala anagamula kuti abweretse mbuzi yopepesera. Za banja a Elia anawaperekeza nazo mpaka pa nthambi zija.

"Alamu, nkhani ija yatha. Mlongo wanga akhala konkuno. Mwana mukafuna kumuona, muzibwera wapansi, ndipo muzifikira kwa ine."

"Sitingakambirane maliro akatha?"

"Takambirana kale. Mwayankhula mokwanira."

A Yoswa anakanda chiwongolero ndi chikhadabo. Anatsegula pakamwa, moti a Elia anadikira, kuganiza kuti mwina tsopano kutuluka mawu a munthu.

"Nanga pulagi ija?"

"Adzukulu aiponya m'chimbudzi."

Ndiye anauyamba wokankha. Njinga yokwera matanthwe ija ikazima imalemera ngati ng'ombe yokana goli, ndipo matayala ofewa aja amamatirira panjira. Jekete linanyowa thukuta. Potsika mtunda njinga inkawakoka, pokwera inkawabwezera mmbuyo. Amayi a mudzi woyandikana, ochokera kumaliro komweko, anawapeza ataima pa chitunda akupuma mwa wefuwefu, ndipo anawapitirira mmodzimmodzi, osapereka moni. Wotsiriza, gogo wina wotsimphina, anaima n'kuyang'ana njinga, n'kuyang'ana mwini wake.

"Yatha mafuta, bambo?"

A Yoswa anawongola khosi.

"Ayi. Ndikuipumitsa."

Gogoyo anagwedeza mutu, n'kuwasiya kumbuyo.